Kukazonda Munthu Wosaina Fomu Yathu

Fomu ija ndinalemba ndine, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhaniyi itachitika anthu kutchalitchi ankangoti "pepala la bambo ako lija," ndipo ine ndinkangokhala chete.

Bambo anga amapanga mawilo a chingwe a anthu osambira pansi pa madzi. Ali ndi kashedi ka lendi ku Bilston, kuseri kwa msika, pakati pa wokonza matayala ndi wopenta zitseko. Ife timakhala ku Handsworth, ndiye m'mawa uliwonse amakwera tiramu, kasitima ka mumzinda, atanyamula botolo la tiyi ndi buledi wamajarini. Munthu akamva koyamba za ntchitoyi amaseka, chifukwa nyanja ili kutali ndi Birmingham mbali zonse, komanso bambo angawo kusambira sadziwa. Koma kuno kuli maiwe akuya m'malo momwe kale ankakumbamo miyala, ndipo Loweruka lililonse, kaya kuzizire bwanji, anthu amavala zovala zamphira, kubereka mabotolo a mpweya n'kumira m'menemo.

Akafuna kutuluka amapopa chibaluni chachitali ali pansi pomwepo, n'kuchisiya chikwere kuti a kumtunda adziwe pomwe ali. Chibalunicho chimakhala chomangidwa ku chingwe, ndipo chingwecho chimamasuka kuchokera pa wilo lomwe munthuyo wagwira m'manja. Wilo likamazungulira bwino chibaluni chimapita chokha, munthu n'kumatsatira pang'onopang'ono. Wilo likagwira, chibaluni chimamukoka munthuyo mwaliwiro mpaka pamwamba, ndipo mpweya umachita thovu m'magazi ake. Ena amachira tsiku lomwelo. Ena miyendo imafa.

Amene anawayambitsa ntchitoyi anali mkulu wina wachizungu wa ku Longbridge, yemwe anagwira kufakitale ya magalimoto mpaka tsiku lomwe inatsekedwa. Nthawiyo bambo ankasema zitsulo kukampani ya eni. Mkuluyo anabwera ndi wilo lake lothyoka, bambo anamukonzera, kenako anamupangira lina labwino kuposa logula. Iye anakaonetsa anzake osambira nawo, ndipo patatha zaka ziwiri bambo anasiya ntchito n'kutsegula shedi. Mkuluyo ankawatcha bambo "injiniya," iwo ankamutcha "achikulire," mawu omwe iye anawaphunzira n'kumawanyadira. Ine ankanditcha "bab," monga aitanirana anthu akuno, ndipo akandipeza kushedi sankalephera kufunsa za masamu.

Tsiku lina kasitomala wina anafunsa ngati panalibe fomu yosaina, yoti akavulala asadzasumire wopanga. Bambo anabwera nayo nkhaniyo kunyumba n'kundipatsa ine, chifukwa Chingerezi cha m'mapepala chimawatopetsa. Ndinakhala masiku atatu mulaibulale ya kusukulu, kutola chiganizo apa, china apo, n'kuzisoka pamodzi. Fomuyo inkati wogula wavomera yekha kuti kumira m'madzi n'koopsa, ndipo akavulala kapena kumwalira, iye ndi abale ake sadzaimba mlandu wopanga wiloyo. Bambo anandiuza ndiwerenge mokweza kawiri, kenako anati, "Mayi ake, m'nyumba muno muli loya." Kuyambira pamenepo aliyense wogula ankasaina, n'kutenga kope lake, ndipo mafomuwo ankalowa mufayilo yabuluu.

Inshuwalansi inalipo, koma chifukwa cha mayi. Mayi anga ndi nesi, ndipo mapepala amawaopa kuposa magazi.

"Fomu ilipo, inshuwalansi ndi yachiyaninso?" bambo ankatero chaka chilichonse ikafika nthawi yoisainiranso.

"Kuwodi kwathu odwala amasaina tsiku ndi tsiku," mayi ankayankha. "Koma tikalakwitsa timakayankhabe. Sainani, bambo ake, musanditopetse."

Zinachitika chaka chino, nyengo yozizira isanathe, ine ndili mkati mokonzekera mayeso. Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinawapeza bambo pabalaza, atavala jekete, nsapato zili kuphazi, fayilo yabuluu ili pamiyendo. Nthawi imeneyo sakhala pakhomo.

"Adadi, mwadwala?"

"Khala pansi. Achikulire avulala."

Anandiuza momwe anamvera pafoni kwa mnzake wa mkuluyo. Loweruka anamira monga mwa masiku onse. Potuluka anapopa chibaluni, wilo linagwira, ndipo iye sanalitaye. Linamukoka mpaka pamwamba. Anathamangira naye kumalo komwe amaika anthu otere m'chithanki chachitsulo kuti thovu lija lisungunuke, kenako anamubweretsa kuchipatala china mumzinda muno. Moyo unalipo, mutu unali bwino, koma miyendo sinkamumvera. Wilo lija linali latsopano, lomwe bambo anamugulitsa mwezi wapitawo, ndipo linali m'manja mwa anthu oyeza zida zikachita ngozi.

Bambo anatsegula fayilo n'kundionetsa fomu ya mkuluyo. Siginecha yake inali yaikulu, yopendekera, yodutsa mzere. Anangoisisita ndi chala ngati akuchotsa fumbi.

Mayi anali pashifiti. Nditawatumizira uthenga anaimba ali pabuleki, ndipo ananena chinthu chimodzi chokha: a inshuwalansi aimbiridwe lero, osati mawa. Tinaika foni patebulo, pasipika. Anayankha mayi wina wa mawu odekha, yemwe anayamba wafunsa za wovulalayo asanafunse nambala ya polise, pangano lathu la inshuwalansi. Bambo anafotokoza zonse, kenako anawongola msana n'kunena kuti mwamwayi munthuyo anasaina fomu.

"Fomu yotani?" mayiyo anafunsa.

Bambo anandikodola kuti ndiwerenge. Ndinawerenga yonse, ndipo pansi pa mtima ndinkayembekezera kuti andiyamikira.

Mayiyo anadikira ndimalize. Kenako anati pepalalo tisalitaye, koma tisalidalire. Malamulo akuno salola kuti munthu adzichotsere mlandu wovulaza mnzake pongomusainitsa pepala. Ngati wilo linali ndi vuto, siginecha ija sinkasintha kanthu.

"Ndiye kuti mafomu onsewa," bambo anayamba, koma sanamalize.

"Chomwe chikukutetezani ndi inshuwalansi," anatero mayiyo. "N'chifukwa chake ndikufuna mumvetsetse zomwe nditanene."

Anati asiye kugulitsa kufikira oyeza atamaliza. Anati asalankhule ndi wovulalayo kapena banja lake za ngoziyo, ndipo koposa zonse asavomere kulakwa kwa wina aliyense, pakamwa kapena polemba. Akavomera okha, kampaniyo ikhoza kukana kuwakava, kutanthauza kuwateteza, n'kuwasiya ayime okha pamlandu. Zotsatira zake tonse tinkazidziwa popanda kuuzidwa. Mwini shedi salola munthu wopanda inshuwalansi, ndipo palibe sitolo ya zida zosambirira ingalandire katundu wake. Shedi ikanatsekedwa, osadzatsegulidwanso.

Bambo ananditembenukira n'kulankhula m'Chichewa. "Afunse ngati kukamuzonda kuchipatala kuli m'gulu lomwelo."

Ndinafunsa. Mayiyo anamveka ngati sanamvetse chifukwa chomwe munthu angafunire zimenezo. Kenako anati sangawamange miyendo, koma akuwalangiza mwamphamvu kuti asapite. Anthu akaona mnzawo pabedi amalankhula zomwe sanakonzekere. Foni itadulidwa, imelo inafika yobwereza zomwezo, mawu oti asavomere kulakwa atawadetsa kwambiri.

Ndinakwera kuchipinda kwanga n'kutsegula buku lomwe ndimalembamo za tsiku lililonse. Ndimalemba m'Chichewa kuyambira pomwe tinabwera kuno ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, poyamba kuti anzanga akusukulu asamawerenge, pano chifukwa ndinazolowera. Tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi: fomu yanga ndi yabodza, ndipo anthu onse aja anasaina.

Sabata imeneyo m'nyumba munali nkhani imodzi yokha. Bambo ankaiyamba pa tiyi wam'mawa, mayi ankaitseka, madzulo n'kuyambiranso.

"Munthu wagona m'chipatala, ine ndili pamtunda wa mabasi awiri, osakamuona? Akadzatuluka ndidzayang'ana kuti?"

"Mudzayang'ana pansi, koma shedi muli nayo. Kuno si ku Ndirande, bambo ake."

"Sindikukalankhula za wilo. Ndikukakhala naye basi."

"Pakamwa panu ndimapadziwa ine. Mvula ikagwa pa zochapa za aneba mumapepesa ndinu. Mukangomuona atagona mudzati zonse ndalakwa ndine, ndiye kwatha."

"Mwana wathu atagona ndi chifuwa chija, ndani anatitengera kuchipatala pagalimoto yake?"

Mayi anangotsuka kapu yomwe inali yotsuka kale.

Ine ndinkaona kuti onse akunena zoona, ndipo zimenezo ndiye zinkandisowetsa mtendere. Kwathu munthu akadwala sudikira kuitanidwa. Umapita, kukhala pansi, ngakhale usanene kanthu. Wosapita amadziwika, ndipo anthu saiwala. Koma imelo ija inalinso yomveka bwino, ndipo amene anaiwerenga mokweza ndine.

Loweruka ndinapita nawo kushedi. Makina anali ozima, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva wailesi ya wokonza matayala kudzera m'khoma. Bambo anadzaza mgolo ndi madzi ozizira, anatenga mawilo omwe anali asanagulitsidwe n'kumawayesa limodzilimodzi, kukoka chingwe mwamphamvu, kukulunga, kukokanso. Onse ankazungulira bwino. Anathiramo mchenga m'madzimo, n'kuyambiranso. Dzuwa litapendeka manja awo anali atatuwa, ndipo anakhala pa kampando n'kuyang'ana chingwe chomwe chinali pachikhatho.

"Ichi n'chopyapyala kuposa chakale," anatero. "Wondigulitsa chakale anatseka, ndinasintha isanafike Khirisimasi. Taona mpata uwu, pakati pa gudumu ndi khoma lake. Chakale sichikanalowamo. Ichi mwina chikhoza."

"Chalowa mukuyesa?"

"Ayi. Koma ine ndikuyesera mumgolo, ndi manja opanda magolovesi."

Tinawalembera a inshuwalansi za chingwecho tisanatseke shedi, kuti akauze oyeza. Bambo ananena, ine ndinalemba. Pa tiramu pobwerera ndinkangoganiza kuti tsopano ali ndi chinthu chenicheni choti chingawapulumuke pakamwa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mayi wina wachikulire wa kwaya, yemwe aliyense amamutcha anti, anawagwira bambo dzanja pakhomo.

"Tamva za mzungu wanu uja. Ali bwanji? Mwakamuona?"

"Sindinapitebe."

Anti aja anangowayang'ana, kuwasiya dzanja pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa munthu wina. Bambo anaima pomwepo kwa kanthawi, chipewa chili m'manja.

Mayi anali ndi shifiti yamasana, ndiye anachokera kutchalitchi komweko kupita kuntchito. Titafika kunyumba bambo sanavule suti.

"Tenga buku lako lija ndi cholembera," anatero.

"Adadi, amami anati chiyani?"

"Ndawamva amayi ako, ndipo sanalakwe. N'chifukwa chake ndikukutenga. Ukalembe mawu onse amene ndikalankhule, onse, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinavomera. Ukakhale pafupi nane. Ndikayamba kupyola, undiponde phazi."

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kuwaimbira mayi. Koma ndinaona kuti apita ndithu, kaya ndi ine kaya okha, ndipo ndinaganiza kuti bola phazi langa likhalepo. Pa Soho Road anagula malalanje ndi botolo la juwisi. Mubasi ankayeserera chapansipansi: muli bwanji, mwagona bwanji, madokotala akuti chiyani. Ine ndinalemba tsiku ndi nthawi pamwamba pa tsamba, n'kujambula mzere pakati, mbali ina ya bambo, ina ya wodwalayo ndi abale ake.

Mkulu uja anali pabedi la pawindo. Anali atachepa thupi, ndevu zitamera, miyendo ili phee pansi pa bulangeti. Pambali pake panali mkazi wake, mayi wamfupi wa tsitsi loyera yemwe ndinali ndisanamuonepo. Atationa anaimirira, koma sanatipatse moni.

"Injiniya," anatero mkuluyo. "Ndimati wathawira kwanu. Bab, masamu akuyenda?"

Ndinati akuyenda. Bambo anamugwira dzanja ndi manja awiri, anaika malalanje pakabati, n'kukhala pampando. Ine ndinakokera wanga pafupi mpaka nsapato zathu zinagundana. Anafunsa mafunso awo atatu aja, mkuluyo anayankha, ine ndinalemba. Kenako bambo anangokhala, manja ali pakati pa maondo, maso pansi, monga tikhalira kwa wodwala. Kwa ife chete wotere si vuto. Kwa mayi uja anali wolemera, ndipo ndinkamuona akusuntha pampando.

"Akutumani a inshuwalansi?" anafunsa pomaliza.

"Ayi, mayi. Anandiletsa kubwera."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Mkazi wake sanaseke.

"Ndiye ndikufunseni ndine. Ndi wilo lanu lomwe lachita zimenezi?"

Ndinaika nsapato yanga pamwamba pa ya bambo. Sindinaponde, ndinangoigoneka.

"Sindikudziwa," anatero. "Lili ndi oyeza. Zonse zomwe ndikudziwa ndawapatsa. Akadzanena, sindidzabisala."

Ndinalemba mawuwo mofulumira. Ndinaganiza kuti povuta tadutsapo.

"Usamuvutitse," mkuluyo anauza mkazi wake. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana atsopano kuti likagwira litaye. Ine ndemwe ndinalikakamira, poti linali latsopano ndipo ndinalikonda."

"Iwe khala chete," anatero mkaziyo. Kenako anatiyang'ana. Mawu ake sanali aukali, anali otopa. Anati nyumba yawo ili ndi masitepe, chimbudzi chili m'mwamba, ndipo iye sangathe kumunyamula mwamuna wake. Adokotala sakulonjeza kanthu. Mwana wawo ali kutali. Anati anayamba waganiza zopita kwa loya kuti mwina apeze thandizo lokonzera nyumbayo, koma posaka makadi a kuchipatala m'dilowa anapezamo pepala.

Analitulutsa m'chikwama. Linali lopindidwa kanayi, koma ndinalizindikira lisanatambasulidwe, chifukwa mutu wake ndinaulemba ndi zilembo zopendekera zomwe ndinkaziona ngati za maloya enieni.

"Ndaliwerenga mpaka pansi," anatero. "Iye ndi abale ake sadzaimba mlandu. Abale akewo ndine. Wasainira ndi ine ndemwe, chitsiru ichi, osandiuza. Ndiye kwa loya sindinapite. Ndipitirenji?"

Anawerenganso chiganizocho mokweza, pang'onopang'ono. Ndinakumbukira tebulo la mulaibulale pomwe ndinachilembera, ndi momwe ndinasangalalira nditapeza mawu oti "ndi abale ake," chifukwa ankamveka otseka mipata yonse. Phazi langa linali likadali pa nsapato ya bambo. Iwo anali chete, monga tinapanganirana.

"Pepalalo ndinalemba ndine," ndinatero.

Onse atatu anandiyang'ana.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinatola mawu pa intaneti. Lilibe mphamvu. Malamulo salola pepala lotere munthu akavulala, atiuza okha a inshuwalansi. Silikukuletsani kupita kwa loya."

Pabedi loyandikana nalo wina ankasintha matchanelo a wailesi yakanema. Ndinadikira kuti bambo andiponde, kapena andiuze m'Chichewa kuti nditseke pakamwa. Anachotsa phazi lawo pansi pa langa, n'kukhala tsonga.

"Mwanayu akunena zoona," anatero. "Pitani kwa loya, mayi. Musaope pepalalo." Kenako anandiyang'ana. "Lemba zimenezonso."

Ndinalemba. Mzere wanga wa pakati uja unalibe malo a mawu anga, ndiye ndinawalemba m'mphepete, chopingasa.

Mayi uja anapinda pepalalo n'kulibwezera m'chikwama. Sanathokoze. Anatenga lalanje limodzi, analisenda, n'kuyamba kumupatsa mwamuna wake kachidutswa kamodzikamodzi. Kachidutswa kachitatu anapatsa bambo. Tinakhala mpaka nesi anabwera kudzanena kuti nthawi yatha.

Mubasi tikuyandikira kwathu ndinati, "Adadi, pepani."

"Wanama?"

"Ayi."

"Ndiye tsika, tafika."

Mayi anafika kunyumba titadya kale. Bambo anawauza asanavule n'komwe yunifolomu, ndipo ine ndinawapatsa buku. Anawerenga ataimirira, mpaka anapendeketsa bukulo kuti aone za m'mphepete zija. Analitseka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mlonda ndi amene watsegula geti," anatero.

"Amami, mayi uja samapita kwa loya chifukwa cha ine."

"Ndawerenga." Anakhala pansi n'kuvula nsapato. "A inshuwalansi ayenera kumva kwa ife, asanamve kwa loya wa anthuwo. Kuntchito chinthu ukachibisa, chimadzatuluka tsiku lomwe ulibe woyankhira."

Apa ndi pomwe ndinanena chinthu chomwe ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinati polise ndi ya bambo, si yanga, ndipo mawu a bambo okha ndi omwe akufunika. Tikhoza kutumiza za m'mizere iwiri ija, za m'mphepete n'kuzisiya. Ndinaona kuti mayi nawonso akuziganizira.

"Ukasiya zako, zanga zoti pitani kwa loya zichokera pati?" anafunsa bambo. "Masulira zonse. Ndi za malalanje zomwe."

Ndinamasulira m'Chingerezi mawu ndi mawu, ndipo Lolemba m'mawa ndisanapite kusukulu tinatumiza. Yankho linabwera la makina, loti alandira.

Tinadikira masiku asanu ndi anayi. Bambo ankadzukabe nthawi yawo, kupanga tiyi wa m'botolo, kenako n'kumumwera pabalaza. Anakonza chitseko cha bafa, mpando wa kukhitchini, ndi njinga ya mwana wa aneba yomwe palibe anawapempha. Mayi anasiya kuyankhula za nkhaniyo, zomwe zinali zoopsa kuposa kukangana. Ine m'kalasi foni ndinkaibisa m'thumba la siketi, ikanjenjemera n'kuisuzumira msanga. Tsiku lachisanu kunabwera kalata yochokera kwa loya wa mkulu uja, yaulemu, yonena kuti akufuna chipukuta misozi. Ndinawawerengera bambo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Wapita ndithu. Wachita bwino." Kenako analowa kubafa n'kukhalako nthawi yaitali, madzi osamveka.

Usiku ndisanagone ndinkawerenganso tsamba lija, kufunafuna pomwe munthu wa malamulo angaloze n'kunena kuti apa avomera. Tsiku lina ndinkapapeza, tsiku lina ayi.

Foni inalira Lachitatu, nditangofika kuchokera kusukulu. Anali mayi yemwe uja wa mawu odekha. Mayi anga anali pa ofu, ndiye tonse atatu tinazungulira tebulo.

Wa inshuwalansi uja anayamba n'kunena kuti sanakondwe. Anawalangiza bambo kuti asapite, iwo anapita, ndipo anatenganso mwana wasukulu. Anati maloya a kampani awerenga zomwe tinatumiza kangapo. Apa anaima kaye, ndipo ndinamva mapepala akutembenuzidwa. Mayi anga anandigwira mkono pansi pa tebulo.

Wa pafoni uja anati bambo sanavomere kulakwa paliponse. Kuuza munthu zomwe malamulo amanena si kuvomera mlandu, ndipo loya aliyense akanawauza anthuwo zomwezo tsiku loyamba. Kampaniyo ipitiriza kuwakava, ndipo kalata ya loya ija ayankha ndi iwo. Koma mawilo onse a chingwe chatsopano aitanidwe abwerere, fomu ija isasainidwenso, ndipo za ngoziyo asadzazikhudzenso ndi banjalo.

Mayi anandisiya mkono. Pomwe anagwirapo panatsala zizindikiro za zala.

"Zikomo, mayi," anatero bambo. "Nanga Lamlungu likubwerali?"

"Lamlungu kuli chiyani?"

"Akadali m'chipatala."

Mayi anga anatseka maso. Kufoni kunamveka mpweya wautali.

"Muzitiuza musanapite," anatero wa inshuwalansi uja. "Mukakambe za mpira ndi za nyengo. Ndipo mwanayo azibwera ndi buku lake."

Shedi inatsegulidwanso sabata yotsatira. Mawilo obwezedwa akufika pa positi, ena ndi timakalata taukali, ena ndi mafunso okha, ndipo bambo akuwasintha chingwe n'kuchepetsa mpata uja. Oyeza sananenebe, ndipo n'kutheka kuti adzati vuto linali la wilo. Bambo akuti akadzatero adzapita kukamva mkuluyo ali pomwepo. Fayilo yabuluu ili pamwamba pa kabati, sitinaitaye poti anatiuza tisataye. Pepala lolowa m'malo mwake ndikulemba ndine, koma a inshuwalansi aliona kaye lisanatuluke. Si losainitsa munthu. Likufotokoza kayesedwe ka wilo usanalowe m'madzi, ndipo mzere woyamba anandipatsa ndi achikulire, kuti likagwira, litayeni.

Mkuluyo tsopano akuyenda ndi chitsulo chogwirira mpaka kumapeto kwa khonde la wodi, nesi ali pambuyo. Mkazi wake amatipatsa moni, ndipo sabata yatha anawauza bambo kuti malalanje akwana, azibweretsa mphesa. Lachisanu lililonse masana bambo amaimbira mayi wa inshuwalansi uja kumuuza kuti Lamlungu tikupita. Poyamba mayiyo ankangoti walemba. Lachisanu lapitali, asanadule, anafunsa kuti miyendo ija ikuyenda bwanji.